Magazi a Mwamuna wa Mwini

Lolemba, 3 Julaye

Andigoneka. Ndimayesa andipatsa mapiritsi n'kubwerera ku Biriwiri madzulo omwewo, koma adokotala atangondikoka chikope anati, "Amayi, mwafika bwanji kuno ndi magazi amenewa?" Ku labu apeza 5.9. Akuti munthu wamkazi amafunika 12. Kutaya magazi kwa miyezi yonseyi ndiko kwandifikitsa apa. Mawa sikani.

Pakhadi alemba kuti Lufina Benson, zaka 46, wokwatiwa.

Bambo a Yamikani andiperekeza mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera. Akukumba mbatatesi kudimba, akuti aganyu sangawasiye okha. Gadiyani wanga ndi alamu anga a Veronica, mlongo wawo.

Kope ili ndinalitenga kuti ndizilembamo mfundo za chilangizo cha Tracy, mtsikana wa kwaya kumpingo kwathu, amene akulowa m'banja kumapeto kwa mwezi. Ine ndi amene ndimalangiza akwati kwathuko. Patsamba loyamba ndinalemba kale mutu: Mwamuna ndi mkazi ndi thupi limodzi. Zanga za chipatala ndiyambira kumbuyo kuno.

Lachiwiri, 4 Julaye

Sikani yaonetsa zotupa zitatu m'chiberekero. Chachikulu akuti chili ngati kabichi wosakhwima. Sakuganiza kuti ndi khansa, ndayamika Mulungu. Koma chiberekero chonse chichotsedwa. Sangandipange opaleshoni magazi asanapitirire 8. Pafunika mabotolo awiri. Limodzi lilipo m'nkhokwe yawo, linalo achibale apereke. Gulu langa ndi O.

Mankhwala: piritsi lofiira lowonjezera magazi, lina laling'ono lachikasu, ndi ena oletsa kutaya magazi katatu patsiku. BP 104 pa 62.

Nditawauza alamu anga anangoti, "Chonse? Ndiye mutsala ndi chiyani?" Kenako anatuluka kukaimba foni panja, kumene ine sindingamve.

Lachitatu, 5 Julaye

Kuzizira. Mphepo ikulowera pazenera, ndafunda zitenje ziwiri pamwamba pa bulangete.

Bedi la kumanja kwanga kuli a Mirriam a ku Kandeu. Ali ndi shuga ndi bala lonyeka paphazi, akutsukidwa tsiku ndi tsiku. Pakamwa ndiye sadwala. Gadiyani wawo ndi mwamuna wawo, a Lazarus, wa kabaza. Wodi yonse gadiyani wamwamuna ndi iwo okha. Amagona kukhonde, amaphika kukhitchini ya magadiyani pakati pa amayi, ndipo amayiwo awapatsa dzina loti Nalazaro. Lero ndawaona pazenera akuyanika siketi ya mkazi wawo, zovala zam'kati atazibisa pansi pa chitenje monga timachitira ife.

Ndinafunsa kuti ukwati anamangira mpingo uti. A Mirriam anaseka mpaka kutsokomola.

"Mpingo wa pasiteji, amayi. Anandikweza njinga, ndalama ndinalibe, mpaka lero ndikulipirabe."

Palibe ankhoswe, palibe mtchatho. Anangolowana. Ndikuvomereza kuti mumtima ndinati: mfundo ina ya Tracy ndi imeneyi, asadzayerekeze zotere.

Lachinayi, 6 Julaye

Holide, adokotala sanayendere odwala. Anesi a Sibongile andiika botolo loyamba. Poyamba ndinanjenjemera, anachepetsa kadonthedwe, kenako zinakhala bwino.

Ndaimbira bambo a Yamikani za botolo lachiwiri. Ndilembe monga momwe zinalili.

"Akufuna wachibale apereke magazi."

"Achimwene anu a Elson simunawauze?"

"Achimwene ndi achikulire. Ndikuuza inu."

"Mayi a Yamikani, ine ndikugwira khasu kuyambira m'bandakucha. Akandipopa magazi kudimba kupita ndani? Mukudziwanso zomwe zimachitika mwamuna akachotsedwa magazi."

"Zimachitika zotani?"

"Mphamvu za m'nyumba zimatha."

Ndinafuna kufunsa kuti mphamvuzo akusungira ndani, poti mwini nyumba ndili gone kuno. Sindinafunse. Ndimaphunzitsa atsikana kuti mwamuna sayankhidwa ali wotopa.

Lachisanu, 7 Julaye

Magazi 7.0.

Alamu anga apita. Akuti ana ali okha, abweranso Lolemba. Pomanga kathumba kawo anati, "Musade nkhawa alamu, zonse akonza kale achimwene. Mukatuluka akakutulani ku Manjawira mukapume kwa abale anu."

Ndinati, "Akanditule?"

"Mukapume basi. Ntchito ya ku Biriwiri simungaithenso ndi mimba yong'ambidwa."

Mawu amenewa ndimawadziwa. Ine ndinatengedwa chitengwa. Mkazi wa chitengwa akadwala kwambiri amakamutula kwawo, amati akaonedwe ndi abale ake. Ndaperekezapo amayi awiri a mumpingo mwathu otulidwa chonchi, tikuimba nyimbo m'galimoto. Palibe amene anakatengedwanso. Mmodzi anachira bwinobwino, amagulitsa tomato pa Kampepuza, ndipo m'nyumba mwake munalowa wina mvula isanagwe.

Nyumba ya ku Biriwiri njerwa zake ndinaumba nawo ndili ndi pakati pa Yamikani. Malata anachokera ku makina anga osokera. Mapichesi a kuseri ndinabzala ndine.

Sindinathe kupemphera. Ndangonena dzina la Ambuye kangapo.

Loweruka, 8 Julaye

Ndilibe gadiyani. M'mawa a Lazarus anabwera ndi makapu awiri a phala la mpunga, limodzi anaika pa kabati yanga.

"Imwani amayi," anatero a Mirriam. "Nalazaro phala amalitha. Ndiwo zokha ndiye mchere amathira ngati akukwirira maliro."

"Mchere adokotala anakuletsa iwe," anatero a Lazarus.

"Anandiletsa shuga, opusa inu."

"Zonse zoyera."

Amatchulana iwe ndi inu mosakaniza, amanyozana kuyambira m'mawa. Koma nthawi yotsuka bala ikafika a Lazarus amapempha kulowa, amagwira dzanja la mkazi wawo n'kuyang'ana kukhoma chifukwa amaopa magazi. Madzulo ananditengera beseni la madzi ofunda mpaka pakhomo la bafa.

Ndachita nsanje. Ndalemba kuti ndisadzakane.

Lamulungu, 9 Julaye

Abwera amayi a kumpingo asanu ndi Tracy. Nthochi, buledi, thobwa m'chigubu. Anaimba motsitsa mawu, amayi a tcheya anapemphera. Popemphera anathokoza Mulungu chifukwa cha banja langa "lachitsanzo".

Anafunsa kuti abambo abwera liti. Ndinati anali pano dzulo. Ndanama pa Sabata, pemphero lisanaume n'komwe. A Mirriam anandiyang'ana kenako anatembenukira kukhoma.

Za magazi sindinawauze. Ndikanati ndipemphe, akanafunsa kuti nanga abambo bwanji. Anthu asanu athanzi anakhala pabedi panga, ndipo ndawalola apite kuti dzina la mwamuna wanga lisade. Sindikudziwa ngati uku ndi kumvera kapena kupusa. Pa chilangizo ndimati ndi ulemu.

Tracy anagwada pambali pa bedi. "Amayi, mudzakhala mutachira? Ine sindikufuna wina adzandilangize." Ndinamusisita mutu. Ali ndi mphete yachitomero yomukulira, waikulunga ulusi kuti isagwe.

Lolemba, 10 Julaye

Alamu anga sanabwere. Foni yawo siikupezeka.

Abwera achimwene anga a Elson kuchokera ku Manjawira, amene alinso ankhoswe anga. Anapita ku labu ndi mtima wonse, koma awabweza. Zaka zapitirira, ndiponso akumwa mankhwala a BP. Anabwerera atanyamula chipewa m'manja ngati alakwa.

Kenako anati, "Alamu, amuna anuwo, anandiimbira. Nyumba ya malemu amayi ndayamba kale kuzira. Denga likudontha mbali imodzi, koma mvula ili kutali."

"Ndiye mwavomera?"

"Achemwali, munthu akati ndikubweretserani m'bale wanu, ungakane? Akanena kuti sitikufunani."

"Anakuuzani kuti adzanditenga liti?"

Anayang'ana pansi.

"Pafoni, achimwene? Paja pondikwatitsa munakhala pamphasa tsiku lathunthu, ankhoswe a mbali zonse, chiongo chinaperekedwa, amalume anavina ngoma ndi chishango mpaka kugwa. Lero zonsezo zathera pa mayunitsi?"

Anati masiku ano zinthu zinasintha, anthu ndi otanganidwa. Anandisiyira mazira owiritsa. Ndi munthu wabwino, ndipo ubwino wakewo ndi umene wandigulitsa.

Lachiwiri, 11 Julaye

Ndayambanso kutaya. Magazi atsika, 6.6. Chizungulire ndikadzuka. Adokotala akuti ndilowa fiyeta Lachisanu kukapangidwa opaleshoni. Botolo likapanda kupezeka pofika Lachinayi, malo anga apatsa wina, ine ndidikire mpaka nkhokwe idzalandire ena.

Ndinatumiza uthenga kwa bambo a Yamikani. Masana kondakitala wa minibasi anafika pakhomo la wodi akufunsa Mayi Benson. Watula thumba la mbatatesi. Zosankhidwa bwino, zikuluzikulu, zotsukidwa. Uthenga wake ndi woti ndizidya ndipeze mphamvu.

Ndilibe wophika, ndilibe mpeni, ndilibe moto.

A Mirriam anati, "Amayi, mufunse ku labu, mwina mbatatesi amaikanso m'diripi." Wodi yonse inaseka. Inenso ndinaseka, kenako ndinafunda kumutu.

Yamikani waimba kuchokera ku Joni. Akuti atumiza kangachepe kumapeto kwa mwezi, ndipo bambo ake amuuza kuti ndikupeza bwino. Ndinati inde.

Lachitatu, 12 Julaye

Ndilembe bwino za lero.

Anesi a Sibongile atabwera kudzafunsanso ngati wachibale wapezeka, a Mirriam anaitana mwamuna wawo pazenera.

"Inu, gulu lanu la magazi lija ndi chiyani?"

"Ndidziwa bwanji ine?"

"Pitani ku labu akakuuzeni. Akapeza kuti ndi abwino muwasiyeko botolo limodzi la amayiwa."

A Lazarus anakanda kumutu. "Jakisoni wake ndi wamkulu bwanji?"

"Ngati sipoko ya njinga. Pitani. Magaziwo mumangowawiritsa ndi mpira wa pa wailesi."

Ine ndinakana. Ndinati si m'bale wanga, ndiponso ndi mwamuna wa mwini, anthu adzati chiyani. A Mirriam anati, "Mwini wake ndine, ndipo ndabwereketsa. Mudzabweze mbale yokha."

Ndinanenanso zimene ananena bambo a Yamikani, za mphamvu za m'nyumba. Sindikudziwa chifukwa chake ndinanena. Anesi anati zimenezo n'zabodza, thupi limabwezeretsa lokha. A Mirriam anati, "Zikatha zithe, ndipumeko."

A Lazarus anapita. Ndi O. Anabwera ndi thonje pamkono, nkhope yotuwa, akuyenda ngati wachoka kunkhondo. Akuti anatseka maso mpaka kumaliza. Amayi a kukhitchini awaphikira mbatatesi zanga zija, ndinawauza atenge thumba lonse.

Sabata yatha ndinalemba munthu uyu ngati chitsanzo choipa cha Tracy. Ndafufuta mzerewo. Ambuye anaona ndisanafufute.

Lachinayi, 13 Julaye

Magazi ayezedwa, alibe vuto. Andiika. Ndinayang'ana akutsika m'kapaipi mpaka kulowa pamkono. Sindinanjenjemere ngati poyamba.

Madzulo 8.2. Mawa fiyeta. Osadya kanthu kuyambira usiku. Ndasaina ndekha.

Ndaimbira bambo a Yamikani. Anafunsa kuti magazi apereka ndani. Ndinati munthu wina wachifundo. Anati, "Mwaona, Mulungu amakonza." Sanafunse dzina.

Ngati sindidzuka, makina osokera ndi a mkazi amene Yamikani adzakwatire. Yunifolomu ya mpingo mundiveke.

Loweruka, 15 Julaye

Ndadzuka. Achotsa. Ululu.

A Mirriam akuti ndinkatchula bambo a Yamikani ndili mtulo ta mankhwala. Sanabwere.

Lamulungu, 16 Julaye

Achotsa kapaipi ka mkodzo. Jakisoni wa ululu m'mawa ndi madzulo, wina wopha tizilombo pamtsempha. Andiyendetsa mpaka pakhomo. Mbali ina anesi, mbali ina mayi wina wodikirira mwana wake, sindikumudziwa n'dzina lomwe. Tiyi ndi phala lamadzimadzi, wophika yemwe uja.

Lolemba, 17 Julaye

Bala lili bwino, silikutulutsa madzi. Magazi 8.0. Adokotala andionetsa chithunzi cha chotupa pafoni yawo. Akuti miyezi itatu osanyamula cholemera, osalima, osasenza madzi. Kupatula apo ndine munthu wathunthu. Ndinawafunsa kawiri mawu amenewa, anabwereza: wathunthu.

Ndatsegula tsamba loyamba lija. Thupi limodzi. Ndakhala ndikuwauza atsikana kuti mwamuna ndi mutu, mkazi ndi khosi, ana ndi manja. Amaombera m'manja, amandifupa. Sindinawauzepo chochita mutu ukaona kuti thupi ladwala n'kuyamba kufunsa kumene ungakalisiye.

Sindikuti ukwati ndi wachabe. Ndauona ukwati sabata ziwiri zino, ukuyanika siketi kuseri kwa wodi. Kungoti si umene uli ndi chithunzi pakhoma la pabalaza panga.

Alamu anga atumiza uthenga: achimwene awo abwera Lachitatu ndi galimoto.

Lachiwiri, 18 Julaye

A Mirriam awauza kuti chala chimodzi chidulidwa, phazi lipulumuka. Analira pang'ono. A Lazarus anati, "Zatsala zisanu ndi zinayi, zokwana kundipondera." A Mirriam anawagenda ndi khoko la nthochi.

Ndinapemphera nawo. Aka n'koyamba kupemphera mpaka kufika pa ameni chigonekedwereni.

A Mirriam anandifunsa kuti mawa ndilowera kuti ndikafika pamsewu wa tala. Ndinati sindikudziwa. Anati, "Kiyi wa nyumba muli naye?" Ali pamfundo ya chitenje changa, pomwe amakhala nthawi zonse.

Lachitatu, 19 Julaye

Anditulutsa. Mapiritsi owonjezera magazi a mwezi wathunthu, ena a ululu, ulusi akachotse pa chipatala chaching'ono sabata yamawa. Ndikulemba ndili pabenchi la pasiteji.

Galimoto ija ndi lole ya kabichi. Bambo a Yamikani achita hayala ndi anzawo, akupita kukagulitsa ku Limbe, ndipo msewu wake umadutsa pa Manjawira. Anaima panja pa geti injini ikulira. Pamwamba pa kabichi ndinaona sutikesi yanga yabuluu, ndowa yanga, ndi makina osokera atamangidwa ndi chingwe cha mphira. Munthu wokapuma sabata zochepa samunyamulira makina.

Anandipatsa moni wa dzanja ngati takumana pamaliro. Anati ndanenepa.

"Kwerani kutsogolo, mayi a Yamikani. Tikakutulani podutsa, tikufuna tikafike msika usanatseke."

"Podutsa."

"Eya. A Elson akudikira pamsewu."

"Mudzanditenga liti?"

"Tiona mmene muzipezera."

"Adokotala akuti miyezi itatu. Nenani tsiku, pamaso pa adalaivala awa."

Anayang'ana adalaivala, anayang'ana kabichi. "Musandichititse manyazi pagulu. Kwerani."

Chikwatiwireni mawu amenewo akanenedwa ndimakwera. Lero miyendo sinasunthe. Ndinati atsitse makina anga. Ndinati anandichotsa ku Manjawira masana, ankhoswe atakhala pamphasa, mpingo ukuona. Akafuna kunditula aitane anthu omwewo, ayale mphasa ku Biriwiri pakhomo panga, anene ndi pakamwa pawo chimene ndalakwa. Zikatero ndidzapita ndi miyendo yanga. Koma pamwamba pa kabichi ayi.

Anatsitsa mawu. "Mwalowedwa chiyani? Simunali wotere. Inu ndi amene mumaphunzitsa ana a eni kumvera."

Ndinati, "Magazi amene akundiimiritsa pano si anu, bambo a Yamikani. Akanakhala anu bwenzi akukumverani."

Adalaivala anazimitsa injini, anakwera okha n'kumasula chingwe. A Lazarus, amene anandinyamulira kathumba kuchokera kuwodi, anasenza makina mpaka pasiteji ya minibasi zopita kumtunda. Bambo a Yamikani anafunsa kuti ameneyo ndi ndani. Ndinati ndi gadiyani. Lole inapita kumunsi ndi kabichi wake.

Achimwene ndawaimbira kuti asadikire pamsewu, akonzeke kubwera kudzakhala pamphasa. Anangoti, "Ndamva, achemwali."

Ambuye mundikhululukire, ndayankha mwamuna wanga pagulu ndipo chisoni sindikuchimva. Mwina chibwera m'njira. Bala likukoka. Sindikudziwa amene akanditungire madzi mawa, ndipo mwina ndikapeza loko wina pachitseko. Akakhala wina ndikakhala pakhonde mpaka ankhoswe abwere.

Tracy watumiza uthenga kufunsa ngati chilangizo chilipobe. Ndamuyankha kuti chilipo, koma abwere ndi mnyamatayo. Ayambe wapita ku labu akamve gulu la magazi ake.

Minibasi yadzaza. Kondakitala akufunsa ngati makinawa ndi katundu wotsikira panjira. Ndamuuza kuti ayi, tonse tikukafika kunyumba.